Nsato ya ku Chanyanya ndi pepala limene sindinawerenge

Tsiku lija ku Chanyanya analipo anthu awa. Analipo mayi wamasiye, Mtonga, mwini abakha, amene anandiitana. Analipo asodzi awiri, eni bwato limene nsato inabisalamo. Analipo abusa achinyamata a tchalitchi cha Pentekoste, Baibulo m'khwapa, nsapato zosongoka zodzaza matope. Analipo amayi ogula nsomba ochokera ku Lusaka, atakhala pa mabeseni awo kudikira mabwato. Analipo bwana wa gemu, woyang'anira nyama zakutchire, munthu wamtali wolankhula pang'onopang'ono. Analipo mwana wanga woyamba, mwamuna wa ndevu kale, wokwatira. Ndipo ndinalipo ine, amene mawu anga anali kumveka mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Koma ndiyambe kumbuyo kuti mumve bwino.

Ine ndinabwera ku Kafue kuchokera kum'mawa ndili mnyamata, ndipo ndinakalambira pa fakitale ya feteleza. Ndinali kapitawo wa anthu onyamula matumba. Mawu anga anakulira m'phokoso la makina, ndipo makina atazima mawu sanazime. Sukulu ndinalekezera Sabu B, kalasi yachiwiri. Manambala ndinali kuwadziwa, dzina langa ndinali kulilemba bwino kwambiri, ndi kamchira kumapeto, koma Chizungu cha pa pepala chinali ngati nyerere zoyenda. Zaka zonsezo pa fakitale palibe anadziwa. Pepala likabwera ndinali kunena kuti, "Iwe kalaliki, werenga, ine ndaiwala magalasi." Magalasiwo ndinalibe n'komwe.

Zaka zija makampani a boma atayamba kugwa ndi kugulitsidwa, anatidula ntchito ambirimbiri. Anzanga ena anagula maminibasi akale, ena anatsegula tuntemba, timisika tating'ono ta m'mbali mwa msewu, ena anabwerera kumudzi kukafera konko. Ine ndinali ndi chinthu chimodzi chimene anzanga analibe: sindinali kuopa njoka. Malume anga anandiphunzitsa ndili wamng'ono, ndi ndodo ya mphanda ndi saka. Ku fakitale mphiri ikalowa m'nyumba ya matumba, onse anali kuthawa n'kufuula kuti itanani kapitawo. Choncho ndinati, Kafue yonse ili ndi njoka za ku mtsinje, njuchi m'masiling'i, mileme m'nyumba zakale za njanji. Anthu adzandilipira.

Mwana wanga ndiye anati, "Atate, izi zifuna laisensi ya a gemu, apo ayi adzakumangani." Iye anamaliza sukulu yonse, ndipo nthawi imeneyo anali kugulitsa m'sitolo ya zitsulo m'tauni. Ndiye analemba mafomu onse, ine ndinangoika dzina ndi kamchira kake. Ku ofesi ndinapita maulendo angapo, ndekha, nditavala jekete la ukwati. Mwana anafuna kundiperekeza, ndinakana. Ndinati sindine wodwala woti andigwire dzanja.

Tsiku la mayeso anandiikira mphiri m'diramu. Ndinaitulutsa, ndinaipanikiza khosi, ndinailowetsa m'saka asanamalize n'komwe kufunsa ngati ndakonzeka. Bwana wamtali uja anagwedeza mutu, anati, "Ba mudala, manja muli nayo." Kenaka anatenga pepala la chidindo n'kuyamba kuwerenga malamulo ake m'Chizungu, wani, thu, firii, folo, mpaka pansi. Atamaliza anandiyang'ana.

"Mwamvela zonse? Olo nikambe mu Chinyanja?"

Mu ofesimo munali atsikana awiri otaipa. Ndinakweza mawu. "Bwana, ine ndagwira ntchito ndi azungu inu musanabadwe. Ndamva."

Ndinamva mawu awiri okha, sineki ndi laisensi.

Nditafika kunyumba mwana wanga anali kundidikira pakhomo. Anapukuta manja pa thalauzi, analandira pepala ndi manja awiri, maso ake anatsika nalo mpaka pakati, ndipo anati, "Atate, apa pa nambala folo..."

Ndinamulanda. "Anapita ku ofesi ndani, iwe kapena ine? Anagwira mphiri ndani? Ukadziwa kuwerenga mitengo ya misomali, manje ufuna kuphunzitsa atate wako malamulo a nyama?" Amake anatuluka m'khitchini, anaona nkhope yanga, anabwereranso mkati. Mwana anati pepani. Sanatchulenso nambala folo.

Pepalalo ndinalikuta pulasitiki n'kumayenda nalo m'thumba la pachifuwa. Apa ndiye payambira manyazi anga, chifukwa ndinayamba kuliwerengera anthu. Pamsika, pasiteshoni ya sitima, pa malo okwerera maminibasi, aliyense wofunsa ndinali kutulutsa pepala, kuika chala pa mzere, n'kumayendetsa chalacho uku ndikunena mokweza: "Mwini pepala ili ali ndi mphamvu ya boma pa nyama iliyonse yovutitsa anthu, kuyambira ku njanji mpaka ku mtsinje, kuigwira kapena kuipha, monga aona iye mwini." Mawu amenewo ndinawapanga ndekha. Ndinawanena kambirimbiri mpaka ndinayamba kuwaona pa pepalapo.

Ntchito inayenda, sindinama. Ndinachotsa njuchi pa sukulu ndi utsi wa ndowe zouma. Ndinatulutsa njoka ya mamba m'galimoto ya Mmwenye wa chigayo. Mileme ya m'nyumba za njanji inandidziwa. Njinga yanga inali ndi chikwangwani kumbuyo chojambulidwa njoka, ndipo anthu anali kundiitana ba mudala ba njoka. Munthu amene anamudula ntchito n'kumupatsa kalata ngati chinthu chotha, anayambanso kupatsidwa moni pamsewu. Pepala lija ndilo linandibwezera moni umenewo.

Uthenga wa ku Chanyanya, doko la nsomba kumtsinje, unabwera Lamlungu m'mawa, ndi munthu wa njinga ya nsomba. Anati nsato ikutha abakha a mayi wina. Sitolo inali yotseka, choncho ndinauza mwana wanga kuti atenge saka lalikulu tipite, chifukwa nsato ifuna anthu awiri. Tinafika dzuwa lili pamutu.

Nsatoyo inali pansi pa bwato lovundikira, pafupi ndi khola. Asodzi atatukula bwato, inangodzutsa mutu pang'ono. Inali yaitali kuposa theka la bwatolo, yokongola, mimba itatupa ndi bakha wa m'mawa womwewo. Nsato yokhuta ilibe ukali. Ikanalowa m'saka ngati chingwe. Ndinene zoona, ntchito yosavuta chotero sindinaipezepo.

Koma anthu anali atazungulira. Mayi mwini abakha anali kulira abakha ake asanu. Abusa anali atayamba kale kupemphera mokweza, kunena kuti chinthu ichi sichinabwere chokha, chatumidwa, ndipo mutu wake uyenera kuphwanyidwa. Amayi a nsomba anali kufunsana za mafuta. Kwathu kum'mawa ndinakula ndikudziwa chimodzimodzi: njoka imene yadya pakhomo sichoka yamoyo, ndipo wopha nsato amagawa mafuta ake kwa anthu, a zilonda za moto ndi a makutu. Ndi ulemu waukulu kugawa mafuta amenewo. Ndinaufuna ulemuwo.

Ndinapempha nkhwangwa.

Mwana wanga anabwera pafupi, saka lili m'manja, analankhula pansi kuti ena asamve. "Atate, iyi si yopha. Tiyike m'saka."

Ndikanamuyankha pansi momwemo. Koma ndinatembenukira kwa anthu. "Mwamumva uyu? Wa misomali uyu! Aopa magazi ngati mkazi wapakati. Boma linapatsa mphamvu ndani pano?" Anthu anaseka. Mwana wanga, mwamuna wa nyumba yake, anabwerera m'mbuyo n'kuima pafupi ndi njinga, saka lili lopinda pamkono.

Ndinatema kawiri. Ndinasenda chikopa bwinobwino, ndinachikhoma pansi ndi zikhomo kuti chiume, ndinayamba kugawa mafuta m'tizitini ta anthu. Abusa anandigwira dzanja n'kunditcha munthu wa Mulungu.

Nthawi yomweyo msodzi mmodzi anati kudoko kwafika galimoto ya a gemu, abwera pa nkhani ya mvuu imene inali kugubuduza mabwato. Palibe anandinenera, palibe anandigwira. Ndine ndekha ndinaima pa chulu n'kufuula, "Bwana! Bwana! Bwerani muone ntchito ya munthu wanu!"

Anabwera, yemwe uja wamtali wa ku mayeso. Anayang'ana chikopa nthawi yaitali. Anayang'ana tizitini.

"Ba mudala, pepala muli nayo?"

Ndinalitulutsa ndi kunyada konse.

"Belengani, bonse bamvele."

Ndinaika chala pa mzere ndipo ndinanena mawu anga aja, a njanji ndi mtsinje, kugwira kapena kupha, mokweza kuposa masiku onse. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenaka anafunsa, mosakwiya n'komwe, "Iyo ya kupaya ili pati? Nilangizeni na chala."

Chala changa chinayendayenda n'kuima pena pake. Mmodzi wa amayi a nsomba anadzuka pa beseni, anasuzumira paphewa langa, anati, "Ba mudala, apo ni pa deti."

Wina anayamba kuseka n'kuleka. Kukanakhala bwino akanaseka onse. Abakha otsala okha ndiwo anali kulira m'khola. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za magalasi, koma mawu sanatuluke. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, mawu anandithawa.

Bwana anafunsa ngati pali wachibale. Mwana wanga anabwera. Sanandiyang'ane. Anatenga pepala m'manja mwanga ndi manja awiri, monga tsiku loyamba lija, ndipo sanafunefune, maso ake anapita molunjika pa nambala folo. Anawerenga Chizungu chake, kenaka anamasulira. Nsato, ng'ona ndi nyama zina zotetezedwa, mwini laisensi saloledwa kuzipha. Azigwire zamoyo n'kuzipereka kwa a gemu, kapena awaitane. Akaphwanya lamulo ili, laisensi ilandidwa. Anamasulira ndi mawu aang'ono, ngati munthu wonena za maliro.

Bwana anati, "Ninakufunsani mu ofesi ngati nikambe mu Chinyanja." Anapinda pepala langa ndi pulasitiki yake yomwe n'kuika m'thumba lake. Anauza asodzi kuti azule zikhomo, apinde chikopa, aike m'galimoto. Anati chifukwa cha imvi zanga sandikweza m'galimotomo pamaso pa anthu, koma Lachiwiri ndikaonekere ku ofesi, ndipo mpaka tsiku limenelo ndisagwire ngakhale buluzi.

Amayi a nsomba anayamba kubweza tizitini ta mafuta, mmodzimmodzi, kuika pa mapazi anga. Abusa sindinawaone mmene anachokera. Mayi mwini abakha anandibweretsera madzi osamba m'manja, ndipo chifundo chake chinandiwawa kuposa zonse.

Ku ofesi ndinapita Lachiwiri, ndi mwana wanga, ndipo ndinakhala chete iye akulankhula. Laisensi anaisunga mvula yonse ya chaka chimenecho. Nthawi yonseyo njinga inali m'nyumba, chikwangwani chitayang'ana kukhoma, ndipo pamsika ndinali kudutsa cha kumbuyo, chifukwa nkhani ya deti inafika m'tauni ine ndisanafike. Pepala linabwera pambuyo pake, ndipo ndinagwira nalo ntchito zaka zambiri. Nsato zina zitatu ndinazipereka zamoyo. Koma moni uja wa poyamba sunabwerenso wonse.

Chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi ulendo wobwerera tsiku lija. Mwana ndiye anapalasa, ine ndinakhala pa kaliyala pamwamba pa saka lopanda kanthu, manja akununkha mafuta a nsato. Machumuni a fakitale atayamba kuoneka, ndinapeza timawu tochepa, ndipo ngakhale apo ndinayamba ndi kumuimba mlandu. Ndinati, "Iwe unadziwa. Unandisiya bwanji kuti ndichite manyazi chotere?"

Anaimitsa njinga, anatsitsa phazi limodzi pansi, koma sanatembenuke.

"Atate, ndinadziwa za nambala folo tsiku lomwe munabwera nalo pepala. Zoti simuwerenga ndinadziwa ndili Giredi Firii, pamene munayamikira lipoti langa la sukulu chonsecho ndinali nditalephera. Amama adziwa, tonse m'nyumba tidziwa, ndipo palibe anakuchepetsanipo. Kawiri konse ndayesa kukuuzani. Koma inu mukayamba kukamba, munthu alowera pati? Gwirani bwino, kutsogoloku kuli mchenga."