Galu wa m'foni ya mlamu wanga

Mlamu wanga, mkazi wa malemu mng'ono wanga, sadziwa kuwerenga. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa pali anthu amene akamva nkhaniyi amafunsa mopanda nzeru kuti, nanga bwanji sanayang'ane dzina pa foni? Dzinalo analiona. Kwa iye dzina lolembedwa ndi timizeremizere basi. Bambo ake anamuchotsa sukulu ali wamng'ono kuti azilera abale ake, ndipo mng'ono wanga, amene analonjeza pamaso panga kuti adzamuphunzitsa, anakhala naye mpaka imvi osamuonetsa ngakhale chilembo chimodzi. Anamwalira, koma pa chimenechi sindinamukhululukire. Ine nditapuma ntchito ndinayesa kumukhazika pansi, iye anangoti, "Alamu, simbi izizira."

Ntchito yake ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu, n'chifukwa chake m'dera lathu amamutcha Mayi Simbi. Timakhala mpanda umodzi, nyumba yanga kutsogolo, yake kumbuyo. Kuseri kwa nyumba yake kuli kachipinda kositira: tebulo lokutidwa ndi bulangete lopserera m'mbali, simbi ziwiri zamakala, ina ikugwira ntchito ina ikutentha, botolo lobowola chivindikiro lowazira madzi, ndi chingwe cha malaya oyera a anthu a m'maofesi, ena mwa iwo osadziwa n'kunena komwe zikomo. Manja ake ndi zipsera zokhazokha. Ndi manja amenewo analera mwana wake mmodzi yekhayo, wamkazi.

Mwana ameneyu ndiye anamukonzera foni kuti azimva ndi khutu zimene maso sangamuuze. Munthu aliyense anamupatsa kaliridwe kake. Kasitomala wa masuti anali belu. Mayi wa mayunifolomu a ana anali likhweru. Mwanayo anadziika nyimbo yofatsa ya gitala. Ine anandiika mbuzi. Nditadandaula anaseka nati, "Bambo akulu, mukayamba kulankhula simupuma, ndiye tikuikeni chiyani?" Nambala yachilendo yokha ndiyo inkalira nyimbo wamba imene foni inabwera nayo, ndipo mlamu akaimva ankaithamangira, poti nthawi zambiri ankakhala kasitomala watsopano.

Mkamwini anali galu. Poyamba sanali galu, anali kaphokoso ka njinga yamoto, chifukwa ndiyo ntchito yake, kunyamula anthu. Anasanduka galu mwana wathu atabwera tsiku lina nsagwada itatupa, akulephera kutafuna. Ndinapita kwa akuluakulu a kubanja kwa mwamunayo. Anandipatsa mpando, nandiuza kuti za m'nyumba n'za m'nyumba. Amene ananena mawuwo ndimamudziwa nkhope, ndipo pamaliro ake sindidzapita. Kenaka mwamunayo anathyola mwana wathu dzanja, n'kumuuza kuti akadzathawa adzamupeza ndipo kamwana kawo sadzakaonanso. Anathawabe, ndi kamtsikana kawo kamene timakatcha Kanyerere chifukwa kamalowa paliponse.

Masiku oyamba anabisala kwa mnzake. Mkamwini anabwera kwathu, anasuzumira pansi pa mabedi, anagwira malaya ochapa ndi manja ake a oyilo, sanapeze kanthu. Atapita, mlamu anati, "Pamene wafufuza kale safufuzanso." Mwana ndi mdzukulu anabwera kudzakhala m'kachipinda kositira, kuseri kwa chingwe cha malaya, osatuluka pageti ngakhale kukagula mchere.

Koma foni sinasiye. Mkamwini ankaimba, ndipo akapanda kuyankhidwa ankabwera yekha. Akayankhidwa sankakalipa. Ankapereka moni mwaulemu, "Mwadzuka bwanji amayi?" kenaka n'kukhala chete, kumvetsera zakumbuyo. Choncho pakhomo pathu panali lamulo. Galu akauwa m'thumba la epuloni, mlamu ankaika simbi pansi, wayilesi n'kuzimitsidwa, Kanyerere n'kugwidwa pakamwa, iye n'kuthamangira kumsewu waukulu kumene magalimoto amasokosa. Kumeneko ndiye ankayankha kuti, "Sindinamve chilichonse, bambo. Akaimba ndikuuzani." Akabwerera ankayamba wakhala pa ndowa yovundikira asanagwirenso simbi.

Tsiku lina m'mawa foniyo inaterereka n'kugwera m'beseni la thovu. Anaipukuta, anaiyanika padzuwa, inayaka, koma mawu anasasa. Belu, mbuzi, galu, zonse zinkangomveka ngati munthu akukanda lata. Mlamu anachita mantha kuti tsiku lina sadzasiyanitsa, ndiye anapita nayo kwa wokonza mafoni wa pakona, uja amakhala m'kabokosi kagalasi pakati pa machaja ndi mabatire otupa.

Munthu ameneyu ndili naye chifukwa mpaka lero. Anasintha sipika, zimene zinali zoyenera. Koma poona kuti foni ikuchedwa kuyaka, anaganiza yekha zoifulasha, kutanthauza kufufuta zonse kuti ikhale ngati yatsopano. Manambala anayamba wawasamutsira mu simukhadi kuti asatayike. Nambala ikakhala mu simukhadi imasunga dzina basi, kaliridwe kake kamatayika. Iye amadziwa zimenezi, ndi ntchito yake. Sanafunse, sananene. Anangoimba ndi foni yake kuti mlamu amve kuti sipika ikumveka, nati, "Mwamva masteni? Ngati yam'sitolo." Inaliradi bwino, nyimbo wamba ija, ndipo mlamu sanadabwe, poti nambala ya wokonzayo inali yachilendo.

Anafika kunyumba masana, mwana wake akugona chifukwa cha kupweteka kwa dzanja lija. Anakoleza makala n'kuyamba kusita, Kanyerere akuzungulira m'miyendo mwake. Foni inalira nyimbo wamba. Anaipanira paphewa, simbi ili m'manja.

"Halo, ndi Mayi Simbi."

"Mwaswera bwanji amayi?"

Nthawi yomweyo kamwana kanamukoka chovala n'kukuwa, "Agogo, ndinyamuleni!"

Kenaka mawu aja anati, pang'onopang'ono, "Ameneyo ndi mwana wanga." Foni inadulidwa.

Ine ndinali pakhonde langa. Ndinaona mlamu akubwera akuyenda ngati wodwala, kumbuyo kwake kukutuluka utsi wa malaya amene simbi inali kupsereza.

"Alamu, galu sanauwe," anatero. "Sanauwe, ndayankha."

Ndinati tithawe nawo pompo. Koma msewu wotulukira m'dera lathu ndi umodzi, ndipo pakona pake pamaima anzake a njinga zamoto. Ndinati nditenga chitsulo ndiime pageti. Mlamu anangondiyang'ana mawondo. Mwana wathu anali atadzuka, atakumbatira Kanyerere ndi dzanja labwinolo.

Mlamu ndiye analankhula. "Iwe, paja unandiikira mbuzi ya bambo ako akulu. Mawu a munthu sangalowe?"

"Angalowe, amayi. Kujambula kaye."

"Jambula mwanayu. Uike m'foni ya alamu. Timuuza kuti wamva foni, sanamve mwana."

Foni yanga ndi yakale, yamabatani, koma imajambula mawu. Mwana wathu anaigwira. Vuto linali Kanyerere. Kamwana kamene tsiku lonse sikatseka pakamwa kanangoti duu, chala m'kamwa, kakutiyang'ana.

"Nena kuti agogo ndinyamuleni. Nena, mayi wanga. Ndikugulira switi."

Kanapukusa mutu.

"Kamwana aka katengera bambo ake kuuma mutu," ndinatero, ndipo palibe anaseka.

Njinga yamoto inadutsa kumsewu. Tonse tinauma mpaka phokoso litapitirira. Apo mlamu anakanyamula, anakatsitsa pansi mwadzidzidzi, natembenuka n'kuyamba kuchoka osacheuka. Kanathamangira pambuyo pake manja ali m'mwamba. "Agogo, ndinyamuleni!"

"Zalowa," anatero amake.

Anasankha mawuwo kukhala kaliridwe ka foni yonse. Kenaka anatenga foni ya mlamu n'kuimba nambala yanga kuti tiyese. M'dzanja langa munalira belu langa lakale lomwe lija.

"Yakana! Amayi, yakana!"

"Yesanso."

Anabwereza, anaimba, belu lomwelo. Anazimitsa foni, anachotsa batire, anabwezera. Foni yanga ikamayaka imayamba yapereka moni, ndipo tsiku limenelo ndinaitukwana. Belu lomwelo. Misozi inali kugwera pa mabatani. Kenaka anafunsa, "Bambo akulu, muli malayini angati umu?"

"Awiri."

"Mayo ine! Layini iliyonse ili ndi nyimbo yake. Ndaika pa yoyamba, tikuimba yachiwiri."

Anakonza. Anaimba. M'dzanja langa kamwana kanakuwa, ndipo Kanyerere weniweniyo anadzidzimuka n'kubisala kumbuyo kwa agogo ake.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala kalipentala, munthu wosalankhulalankhula. Tinaponda pa ndowa, tinamupatsira Kanyerere pamwamba pa mpanda, amake n'kutsatira akubuula ndi dzanja. Kalipentala sanafunse kanthu, anangoyatsa makina ake ochekera matabwa. Mlamu anasonkhanitsa timadiresi ndi tinsapato n'kuziponya pansi pa mulu wa zovala za makasitomala. Kapu kakang'ono kapulasitiki anakaika m'thumba la epuloni. Akupukuta tebulo, njinga inaima pageti.

Sanagogode. Analowa chipewa chachitsulo chili m'manja, anadutsa ine ngati mtengo, n'kukalowa m'nyumba ya mlamu. Tinamva bedi likukokedwa, chitseko cha kabati chikumenyetsedwa. Analowa m'kachipinda kositira, anakankha malaya a pachingwe limodzi limodzi. Anatuluka maso ali psuu.

"Amayi, musandiyese mwana. Ali kuti?"

"Ndani, bambo?"

"Ndamumva ndi makutu angawa."

"Mwamva foni ya alamu," anatero mlamu. Mawu ake ankanjenjemera, koma amanjenjemera nthawi zonse akamalankhula naye. "Anali pafupi nane, wina anawaimbira. Nambala yawo muli nayo. Imbani."

Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba. Anatulutsa foni yake, anafufuza, anaimba. Sindinkadziwa kuti ali ndi nambala iti mwa ziwirizo. Panadutsa kanthawi kaja foni isanalumikize. Makina a kalipentala ankalira kuseri.

"Agogo, ndinyamuleni! Agogo, ndinyamuleni!" linatero thumba la jekete langa.

Anadula. Anaimbanso. Anamvetsera mutu ataupendeketsa.

"Pochoka kwanga samatha kunena mawu amenewa," anatero. "Mwajambula liti?"

Mlamu anati, "Anatumiza amake pa foni, kuti nkhalamba zisamasowe mdzukulu."

"Kuchokera kuti?"

"Foni imanena kuti? Ine ndiwerenga, bambo?"

Anatembenukira kwa ine. "Inu mumawerenga."

"Inabwera pa nambala yobisika," ndinatero. "Ndipo ikanabwera ndi dzina la msewu, ukuganiza ndikanakuuza iwe?"

Anandiyandikira mpaka ndinamva fungo la petulo pa malaya ake. Ndinaganiza kuti chipewa chija chithera pamutu panga. Mlamu analowa pakati pathu, dzanja lili pa thumba la epuloni pamene panali kakapu kaja, nati, "Ndi nkhalamba iyi, bambo, musaimvere. Mukudziwa pakamwa pake." Anaima pamenepo, wamfupi, mutu wake wosafika ndi paphewa pake pomwe, mpaka mkamwini anabwerera m'mbuyo n'kutuluka.

Njinga inapita. Mlamu anakhala pansi pa dothi, n'kusanza.

M'mawa mwake kalipentala anatulutsa mwana wathu ndi Kanyerere pa galimoto yonyamula makabati, atakhala pakati pa matabwa. Ali kutali tsopano, kumene sindilemba pano. Asanakwere, mwanayo anabwezera manambala onse m'foni ya amake n'kuikanso belu, likhweru, gitala, mbuzi ndi galu, akuyesa imodzi imodzi. Wokonza mafoni ndinakamuuza zimene anachita. Anati, "Madala, ine ndimakonza foni, za m'banja mwanu ndizidziwa bwanji?" Sindimupatsanso moni, ndipo aliyense wondifunsa kokonzetsa foni ndimamulozera kwina.

Mlamu akusitabe. Galu akauwa amathamangirabe kumsewu, ngakhale m'nyumba mulibenso womubisa, chifukwa akuti akasintha, mwamunayo adzadziwa kuti kale kunali chifukwa. Foni yake saiyandikizanso pa beseni, anaisokera kathumba kokoleka m'khosi.

Yanga sindingaisinthe kaliridwe. Masiku ena madzulo njinga imaima kunja kwa mpanda, injini n'kuzima. Sagogoda, salowa. Amaimba nambala yanga n'kumvetsera kamwana kakukuwa m'nyumba mwanga, kenaka amadula n'kuimbanso. Ine ndimaisiya patebulo pafupi ndi zenera, sindiigwira. Kuseri, mlamu amaimika simbi n'kudikira, ndipo sayambanso kusita mpaka atamva njinga ikuchoka.