Chigongono Changa

Ine mpira wa manja sanandiphunzitse munthu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali wochinya wa timu ya amayi a pa esiteti yathu ku Kapelula, ndipo manja anga ankadziwa okha kumene kuli golo, monga amadziwira kusoka fodya ine ndikucheza.

Kenaka kunabwera mwana wa eni esiteti kudzakhala mphunzitsi wathu, atachita kosi ya masabata awiri ku tauni. Anabwera ndi wezulo, kabuku ndi nsapato zoyera zimene zinkaopa fumbi. Munthu woti mpira ukamulunjika ankatsinzina! Tsiku loyamba lomwe anandiimitsa.

"Mayi, chigongono chanu chikuthawira kunja. Muzichibweza, mupume, muwerenge mpaka katatu, kenaka muponye."

"Nanga si ukulowa, bwana?"

"Ukulowa mwangozi."

Ngozi ya zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinangoti chabwino, poti tenanti satsutsana ndi mwana wa bwana. Ananenanso kuti ndikapanda kusintha, malo anga apatsa mphwake, kamtsikana kodziwa kuwerenga bwino mpaka katatu.

Tsiku losewera ndi timu ya ku Chulu ndinayesetsa kumumvera, chifukwa malowo ndinkawafuna. Mpira uli m'manja, ine maganizo ali pa chigongono. Ndinaphonya kanayi motsatizana, ndipo amayi a ku Chulu anayamba kundiimbira nyimbo. Manyazi anandigwira.

Ndiye mwana wanga, amene ndinasiyira mlamu wanga kunja kwa bwalo, anayamba kulira kulira kwa njala. Mtima wonse unapita kumeneko. Mpira unabwera, ndinaponya, unalowa. Unabweranso, unalowa. Kachitatu sindinayang'ane n'komwe bwinobwino. Nyimbo ya a ku Chulu inazima.

Pa nthawi yopuma mphunzitsi uja anabwera akupukusa mutu, kabuku kali kukhwapa.

"Mwabwereranso ku zakale. Mukuchinya, inde, koma simukudziwa chimene mukuchita. Vulani bibu."

Ndinamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa, osapeza pomulemekezera. Anzanga onse anangoyang'ana pansi, poti nawonso nyumba zimene amagonamo ndi za bambo ake. Ndinavula kamalaya ka wochinyako, n'kupatsa mphwakeyo.

Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumayamwitsa mwana. Timu imene ndinaivutikira zaka zonsezo inagonja ine ndikuonerera, ndipo chigoli chilichonse cha a ku Chulu ndinkachiombera m'manja, poyera.