Anati Timuike Pafupi ndi Mayi

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko n'kudzuka kwa munthu amene wangotsamira khoma. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo, ndipo panja amuna anazungulira zitsa zofuka, ena atafunda majekete akale a ku mgodi. Mlongo wanga Jasinto anali m'bokosi pakati pa nyumba. Tinabwera naye dzulo lake kuchokera ku dera la 25 de Setembro, kumene chibayo chinamugwetsa. Ali m'chipatala anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti timuike pafupi ndi mayi.

Wosasamutsidwapo angaone ngati pempho lopepuka. Kwathu kwakale, kumene lero kuli dzenje la malasha, manda a mayi ankadziwika ndi aliyense, anali pansi pa msawu wopendekera. Eni mgodi atatisamutsira kuno ku Kambulatsitsi anasamutsanso mafupa, koma ku manda atsopano kulibe mtengo, kulibe dzina. Kuli zikhomo za simenti zolembedwa numero basi. Mkulu amene anaperekeza mafupa a mayi naye anatsikira kuli chete kalekale.

Ntchito ya Jasinto tinkamuseka nayo. Ankagwira pa komputadoro, kuwerenga malangizo a zida zimene mapulogalamu anzeru, aja odzigwirira okha ntchito, amadalira, n'kumagamula ngati alembedwa momveka kapena ayi. Ine ndinkati akulipidwa chifukwa chotola zifukwa, khalidwe lake la kuyambira ali mwana. Iye ankati munthu ukamutuma osamuuza bwino amabwerera kudzafunsa, koma pulogalamu imangoganizira n'kuyankha mosaphethira ngati mboni yabodza. China mwa zida zimene anayesa chinali cha kaundula wa manda osamutsidwa. Anachikana, chifukwa malangizo ake sankanena ngati numero ya munthu ndi ya manda akale kapena ya chikhomo chatsopano. Eni ake anamuthokoza mwaulemu, osakonza kanthu.

Kutayera, adzukulu anafika ndi makasu awo n'kuima kuseri kwa nyumba, kudikira kuti awalozere pokumba. Amalume anali atangotsika shapa, minibasi yoyamba ya ku Zóbuè. Anatiitana ine ndi mlamu wanga, mkazi wa Jasinto, n'kufunsa pamene mlongo wawo anagona. Ine numero ya chikhomo cha mayi sindinkaidziwa. Mlamu anatulutsa foni ya malemu n'kufunsa pulogalamu yodalira kaundula uja. Inayankha nthawi yomweyo, inatchula numero, amalume n'kupumira m'mwamba.

Mtima wanga sunakhazikike. Ndinauza mlamu kuti aifunsenso ngati numeroyo ndi yakale kapena yatsopano. Inavomera mosachita manyazi kuti malangizo a chidacho sanena, ndipo iyo inangotenga kuti ndi yatsopano. Ndinapsa mtima, moti ndikanaiponya pamoto foniyo.

"Iwe mwana wa mlongo wanga," anatero amalume motsitsa mawu, "ndi kutentha kuno maliro sangagonenso. Tikumbe pamenepo. Zinazo adziwa ndi Mulungu."

Adzukulu ananyamuka.

Dzuwa linatuluka lili ndi ukali wake, kamphepo kakubweretsa fumbi lakuda lija limalowa mpaka m'mano. Amayi anakoleza moto wa nyemba, akudandaula kuti nkhuni za kuno n'zogula. Anthu anabwera pa njinga, ena wapansi. Mwini sitolo wina wachisilamu wa ku Moatize anatsitsa thumba la mpunga n'kukakhala phee pamthunzi wa khoma. Anzake a Jasinto a ku ntchito anaima paokha, nsapato zawo zopukuta zitayera ndi dothi. Mmodzi anayankhula kuti malemu sankalola chiganizo chosamveka kudutsa pamaso pake. Anthu anagwedeza mitu, koma ine zinandibaya, pakuti ndinkadziwa chimene tinkapita kukachita naye.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Njira ya ku manda ndi yamiyala, ndipo onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi. Nyimbo inkayamba kutsogolo n'kufika kumbuyo itatopa. Titafika ndinaona dzenje lakumbidwa bwino pambali pa chikhomo chija, ndipo ndinayesetsa kuuza mtima wanga kuti apa ndi pa mayi.

Bokosi litatsika, ndinaona mayi wina wachikulire, wa mudzi wina umene unasamutsidwa pamodzi ndi wathu, atagwada pachikhomopo akuzula udzu. Ndinaganiza kuti ndi mnzawo wa mayi, ndiye ndinapita kukamuthokoza. Anandigwira dzanja.

"Pepani, mwana wanga," anatero. "Koma mwachita bwino. Amuna anga apeza wocheza naye, anasungulumwa apa."

Ndinamufunsa amene anamulozera malowo. Anati mdzukulu wake anafunsa pa foni chaka chatha, ndipo inatchula numero yomweyi. Kumbuyo kwanga makasu anali atayamba kale kukwirira. Sindinauze amalume, sindinauze mlamu.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala phulusa, mikeka yopindapinda ndi fungo la utsi m'zovala. Mlamu anagona chafufumimba, foni ili pambali pake. Ine ndinakhala pakhomo, ndikufuna kuuza mayi kuti mwana wawo wafika, amulandire. Ndinatsegula pakamwa, koma sindinadziwe koyang'ana.