Injini ya Chigayo mu Lole ya Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Ndau, chimayamba kundifika ndi fungo la dizilo ndi la madzi adzimbiri akuwira, nthunzi ikutuluka kutsogolo kwa lole, iwo ataima poteropo chipewa chili m'manja.

Anagwira ntchito m'migodi ku Joni. Atabwerako anagulitsa ng'ombe zawo zokoka ngolo n'kugula lole yakale yakufa injini. Injini ina anaipeza kwa Che Amidu, mwini sitolo pa Manjawira. Inali ya chigayo. Anaikweza ndi zingwe pamtengo wa mango, anaimanga mu lole, anailiza. Mudzi wonse unathamangira. Ngakhale anyamata a chipani, amene ankayendera makadi tsiku limenelo, anaiwala chimene anadzera.

Ikaima pabwalo inkalira bwino tsiku lonse. Ikangoyenda, makamaka pachitunda, madzi ankawira.

Ndiye kunali ukwati. Mayi anga aang'ono, a Esinati, mwana wotsiriza wa agogo, ankakwatiwa Loweruka ku tchalitchi cha ku Kandeu. Akuchimuna anati atumiza ngolo. Agogo anakana pamaso pa ankhoswe.

"Mwana wanga sakwera ngolo. Apita pa lole."

Mawu anatuluka, sakanabwezedwa. Anatsuka rediyeta ndi sopo. Inawirabe. Anamangitsa lamba, anasintha mapaipi. Inawirabe. Anachotsa boneti kuti injini ipume, lole n'kumayenda ngati nkhuku yososoledwa khosi. Ife ana tinkaithamangira pambuyo ndi ndowa, tikukuwa ndi chimwemwe, chifukwa pachitunda tinkaipeza ndithu. Anthu anaipatsa dzina loti Ketulo.

"A Ndau, tiyi wapsa?" ankafunsa amuna a pa bawo.

A Esinati ankalira kuseri kwa nkhokwe.

Lachisanu masana injini inkalira pabwalo, agogo atagona pansi pake. Agogo aakazi, a Nankhoma, anabwera kuchokera kumtondo ndi lichero la ufa wa thobwa. Anaima kutsogolo kwenikweni kwa lole.

"Inu! Tulukani tikambirane. Ng'ombe munagulitsa, ngolo mwakana. Mwanayu mawa mum'bereka kumbuyo?"

Sanamalize. Mphepo yochokera ku lole inauluza ufa wonse, kumaso, m'mutu, pa duku. Anatsala oyera ngati chinyau. Ife tinagwa ndi phwete.

Agogo aamuna anatuluka. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana lole. Anatapa fumbi pansi n'kuliwaza patsogolo pa rediyeta. Fumbi linathawa lole, linabwera kwa ife. Analumpha ngati ali pa ngoma, kumenya phazi pansi.

"Nankhoma! Mwaichiza! Ikupumira kunja!"

"Mwapenga? Ufa wanga!"

Nkhani inali pa fani. M'chigayo injini siyenda, ndiye fani yake imakankhira mpweya wotentha kunja kwa nyumba. Pa lole fani iyenera kukokera mpweya mkati. Lole ikayenda, mphepo ya mumsewu ndi ya fani zinkagundana pa rediyeta ngati nkhunzi ziwiri, palibe yodutsa.

"Fani ya injini yakufa ija ili kuti?" anafunsa agogo aamuna.

Agogo aakazi, akupukutabe m'maso, analoza khola la nkhuku. Anali ataisanjika pa denga kuti udzu usauluke. Agogo aamuna anakwera okha, nkhuku zikubalalika. Mabowo a mabawuti sanagwirizane. Anakhala pansi ndi tupa, kupala, kuyeza, kupalanso, mpaka inalowa. Atailiza anawazanso fumbi. Lole inalimeza.

Loweruka tinadzaza lole. Amayi ndi miphika ya thobwa, atsikana a nyimbo, a Esinati kutsogolo ndi chovala choyera. Ndowa tinatenga ndithu, agogo aakazi anaumirira. Titafika pachitunda nyimbo inazima yokha. Aliyense maso kutsogolo, kudikira nthunzi. Injini inabuula, inakoka, inakoka. Tinatulukira pamwamba. Nthunzi panalibe.

Nthungululu zake! Agogo aakazi anatenga ndowa imodzi n'kukhuthulira madzi mumsewu. Agogo aamuna analiza hutala mpaka pakhomo la tchalitchi. Anatsika, anatsegulira mwana wawo chitseko, anayang'ana ankhoswe akuchimuna.

"Tafika."



Ine ndakalambira pa chiwongolero cha malole. Galimoto iliyonse yachilendo, ndisanakwere, ndimailiza kaye, ndimatapa fumbi, ndimawaza kutsogolo. Anyamata amaseka, amati ndikuthira nsembe. Ndimawasiya. Ine ndimakhala ndikuona agogo aakazi atayera ufa, akukalipa.