Bambo Anga ndi Mkulu wa Makina a Mpweya

Ndinabadwira m'komboni ya pa purazi ina kufupi ndi Mutorashanga, koma ndakulira kuno ku Goromonzi. Agogo anga anachokera ku Ntcheu wapansi, kudzafuna ntchito ya fodya. Ine ku Malawi sindinapondeko. Bambo anga anali osamalira injini ya madzi pa purazi ija, ndipo ntchito imeneyo anaigwira kuyambira ali mnyamata mpaka pamene mapurazi anasintha eni. Kuyambira pamenepo timadya za maricho: kupalira, kuthyola fodya, kukumba mbatata, aliyense amene watiitana. Amayi anamwalira kale. Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi bambo.

Woyandikana nafe ndi mayi wina amene timaimba naye kwaya. Mwana wake wamkazi amagwira ntchito ku Harare, ndipo anamugulira sola ndi tivi. Batire lake linali lotopa, moti tivi inkayaka pokhapokha dzuwa likakhala paliwombo. Choncho nthawi yathu yoonera inali Lamlungu masana, tikaweruka ku tchalitchi. Tinkakhala pamphasa tisanavule n'komwe zovala za kwaya, khomo titatchinga ndi bulangeti kuti chithunzi chioneke bwino.

Tsiku lina mwana uja anatumiza fulashi ya sewero la zigawo zambiri, la Chingerezi. Linali la anthu okumba miyala ya mtengo wapatali pa dziko lina lakutali, kuseri kwa nyenyezi, kumene kulibe mtengo, kulibe mvula, kulibe ngakhale mpweya wopuma. Ankakhala m'nyumba zotseka ponseponse, ndipo mpweya wawo unkachokera m'makina aakulu amene ankasamalira mkulu wina wa imvi, wotsimphina. Popeza ine ndinafika Fomu 3, ntchito yomasulira inagwera ine. Ndinkamasulira mosakaniza, apa Chichewa, apo Chishona, pena ndinkangowonjezera zanga ndikaona kuti anthu ayamba kuwodzera.

Bambo ankazinyoza. Ankati ndi mabodza a azungu, akuti munthu wamkulu sangakhale pansi kuonera anthu akuyandama ngati nsomba. Koma Lamlungu lina anabwera kudzabwereka pulayala. Anaima pakhomo, bulangeti lili paphewa, nthawi yomwe mkulu wa m'sewero uja anatenga sikuludiraiva, n'kugunditsa nsonga yake pa makina, chigwiriro n'kuika pakhutu.

"Ameneyo ntchito akuidziwa," anatero bambo. "Injini imamveka ndi khutu. Ikamadwala imanena yokha."

Mayi wa tivi anawapatsa mpando. Pulayala anaiwala. Kuyambira tsiku limenelo sanaphonyepo Lamlungu. Ankafika ife tisanafike, chipewa chili pabondo, ndipo ndikamasulira mothamanga ankandidzudzula. "Pang'onopang'ono, iwe. Wati chiyani mdala uja?" Ankamutcha mdala wathu. Akalakwitsa pomanga nati ya makina, bambo ankamukalipira ngati akumumva.

M'zigawo zomaliza miyala ija inatha, ndipo eni mgodi anatumiza chombo. Anthu a m'sewero anavina, anamanga katundu. Koma chombocho chinabwera kudzatenga makina okumbira, malo a anthu anali ochepa. Mkulu wa makina a mpweya anali ndi mnzake wocheperapo msinkhu amene mkuluyo anamuphunzitsa ntchito. Mnzakeyo ndi amene anapeza malo. Anagwira mkulu uja m'manja n'kunena kuti akangofika adzabwerera kudzamutenga. Mkuluyo anangogwedeza mutu, namukankhira ku khomo la chombo. Chithunzi chomaliza chinali cha iye yekha, akuthira oyilo m'makina, kenako akuika makapu awiri a tiyi patebulo. Mayina a ochita sewero anayamba kukwera.

Mawu omaliza aja sindinamasulire. Mayi wa tivi analira mokweza, nagwira mutu. "Zvapera? Zathera pomwepa? Anthu awa alibe chisoni!" Wina anayesa kuseka koma sizinatheke. Bambo anadzuka, natuluka. Chipewa chawo chinagwera pansi, ndinachita kutola ine.

Sabata imeneyo inandivuta. Ndinkathyola fodya wa eni munda, koma maganizo ali pa makapu awiri aja. Ndinkadziuza kuti munthu uja ndi wochita sewero chabe, panopa ali kwawo akudya bwino. Sizinathandize. Ndinkachita manyazi kuti mayi wamkulu ngati ine, amene ndinaika amayi anga m'manda, ndikulirira munthu amene kulibe. Koma amene anandidetsa nkhawa kwambiri ndi bambo. Sadza, nsima ya kuno, ankangotsina kawiri n'kukankha mbale. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse, akuyang'ana kumsewu. Ndinaganiza kuti ndikudziwa chifukwa chake. Ndinati adziona okha mwa mkulu uja: munthu amene anapereka moyo wake wonse ku injini ya eni ake, tsiku lochoka eni akewo n'kumusiya ngati chitsulo chakutha.

Lachisanu mayi wa tivi anandiitana mothamanga, foni ili m'manja. Anali atadandaulira mwana wake za mathero aja, ndipo mwanayo anamutumizira kafilimu kakafupi. Akuti si ife tokha amene tinapwetekedwa. Anthu ena okonda sewerolo, a m'mayiko ena, anakana kuti lithe choncho, napanga mathero awoawo. Anadula zithunzi za m'zigawo zakale n'kuzilumikiza mwatsopano, naikamo mawu awo. Milomo sinkagwirizana ndi mawu, ndipo malaya a mkulu uja ankasintha mtundu pakati pa chiganizo. Koma chombo chinabwerera. Khomo linatseguka, mnzake uja anatuluka, awiriwo anakumbatirana. Mayi wa tivi analulutira ngati pa ukwati. Inenso mtima unakhala m'malo, ngakhale ndinkaona bwinobwino pamene anasokerera.

Ndinabwereka foniyo kuti bambo nawonso aone. Ndinawapeza akusema mpini wa khasu.

"Bambo, taonani. Mdala wathu anamutenga."

Anaika kasemasema pansi, nayandikiza foni kumaso. Anaonera mpaka pamene khomo la chombo likutseguka, kenako anaitembenuza n'kuiika pafumbi.

"Wapanga ndani izi?"

"Anthu wamba ngati ife, amene zinawakhudza."

"Ndi ana amenewo," anatero. "Sadziwa kanthu. Munthu akati ndidzabwerera, sabwerera."

Ndinayamba kuwatonthoza. Ndinati ndikudziwa kuti nawonso anasiyidwa, kuti anagwira ntchito zaka zonsezo popanda wowathokoza. Anandidula.

"Ukuganiza kuti ine ndi mdala uja? Ine ndi uja anakwera."

Sindinamvetse. Anandiuza kuti ndikhale pansi.

Bambo anali ndi mkulu wawo wa bere limodzi, amene ife tinkawatcha bambo aakulu. Sanakwatirepo. Maso awo anachita ng'ala mpaka anasiya kuona, ndipo ankakhala m'kanyumba kuseri kwa yathu. Ndi iwo amene anandiphunzitsa nyimbo za kwathu, ndi kuluka mphasa mongokhudza. Pamene tinauzidwa kuti tichoke m'komboni ya ku Mutorashanga, ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ine ndi amayi tinatsogola pa kombi, minibasi ya kuno. Bambo anatsala kuti abwere ndi katundu ndi bambo aakulu. Anafika okha. Anatiuza kuti abale a ku Ntcheu anatumiza munthu, ndipo bambo aakulu apita kumudzi. Ndinakhulupirira. Ndinkasangalala kuti mmodzi wa ife wakaona kwathu.

"Kunalibe munthu wa ku Ntcheu," anatero bambo.

Anati thirakitala imene anaipeza inali yonyamula mabanja asanu pa ngolo imodzi. Woyendetsa anapatsa banja lililonse kachigawo kake, nati zimene sizikwana zitsale. Bambo anali atakhomola malata a nyumba yathu. Panali matumba awiri a chimanga, ndi makina osokera a amayi. Atakweza zimenezo, malo okhala munthu wosaona, amene sakanatha kugwirira pamwamba pa katundu, panalibe.

"Achimwene anandiuza okha kuti pita, kamange kaye pogona ana, udzanditenge Loweruka. Ndinawasiyira ufa, ndowa ya madzi, ndi machesi. Ndinakweza malata."

Loweruka lija sanapite. Nkhani zinkamveka zoti m'misewu ya kumeneko anthu akumenyedwa, makamaka ife amene ankatiuza kuti tibwerere kwathu. Loweruka linalo amayi anadwala. Kenako anapeza maricho oyamba, ndipo anaopa kuti akajomba malo atenga wina. Anapita patatha miyezi iwiri. Anapeza kanyumba kaja kalibe chitseko, mkati muli mbuzi. Anaopa kufunsa anthu atsopano aja. Anatembenuka n'kubwerera.

"Amayi ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Nanga makalata anga?" Chaka choyamba chija ndinalembera bambo aakulu makalata angapo, ndikumapatsa bambo kuti akaponye.

"Ndinkawerenga, kenako ndinkawotcha."

Ndinatola foni ya eni ake, n'kuipukuta fumbi ndi chitenje. Ndinafuna kuwanena mawu oipa, koma amene ndinali nawo anali aakulu kuposa amene mwana angauze bambo ake. Kwa masiku asanu ndi limodzi sindinawalankhule. Ndinkaphika, ndinkawaikira madzi osamba, koma pakamwa ayi. Chimene chinkandizunza n'chakuti mvula ikamagwa ndinkaimva ikulira pa malata omwe aja. Ndagona pansi pake zaka zoposa makumi awiri, osanyowa.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinawauza kuti avale jekete, tikupita ku Mutorashanga. Sanatsutse. Tinakwera kombi mpaka ku Harare, ina mpaka panjira, kotsalako tinapempha lole yonyamula miyala ya kromu. Komboni sinaliponso. Pamalo pake panali munda wa chimanga, ndipo bambo anazindikira malowo chifukwa cha maziko a simenti pamene pankakhala injini yawo.

M'mundamo munali mayi wachikulire, Mshona, akukolola mtedza. Bambo anangovula chipewa, choncho za bambo aakulu ndinafunsa ine. Mayiyo anaika dengu pansi, natiyang'ana nthawi yaitali.

"Sekuru vaya vasingaone? Muri vanhu vavo?" Anafunsa ngati ndife abale a agogo osaona aja.

Anatiuza kuti atafika pamalopo ndi mwamuna wake anapeza nkhalamba m'kanyumba, ufa utatha. Anayamba kuwapatsa phala m'mawa ndi sadza madzulo. Chilankhulo ankamvana pang'ono. Anati anali munthu waulemu, ndipo anamulukira mphasa imene anaigwiritsa ntchito mpaka inatha. M'mawa uliwonse ankafunsa kuti lero ndi lachingati. Akawauza kuti Loweruka, ankasamba, n'kukhala panja ndi kathumba kawo. Anamwalira m'nyengo yozizira, ndi chifuwa. Mwamuna wake ndi anzake awiri anawaika m'mphepete mwa munda, pansi pa mtengo wa muhacha, osadziwa mfunda wawo kapena pemphero la mpingo wawo.

Anatitsogolera kumeneko. Panali miyala yozungulira, ndipo mizere ya chimanga inkakhota pofika pamenepo. Bambo anagwada. Ndinayembekeza kuti alira kapena apepesa, koma anangoyamba kuzula udzu pakati pa miyala, umodziumodzi. Ndinayamba nyimbo ya maliro ya ku tchalitchi kwathu. Ndinaimba ndekha ndime ziwiri, mayi uja akung'ung'udza pambuyo. Mayiyo atafunsa kuti malemuwo anali ndani wawo, bambo anayankha m'Chishona kuti mukoma, kenako anabwerezanso m'Chichewa, motsitsa, kuti achimwene anga. Mayiyo sanafunse chifukwa chimene tinachedwera. Anatipatsa mtedza m'pepala, nati pamalopo sadzalimapo.

Pobwerera tinatsika ku Harare. Pa siteji bambo anandigulira botolo la madzi, chinthu chimene sanachitepo, ndipo ndinalandira ndi manja awiri.

Bambo akadali moyo. Anayambanso kudya, koma ku tivi sapitako, ndipo mayi wa tivi amaganiza kuti ndi maso. Sindinamuuze. Ine ndimamasulirabe Lamlungu masana, masewero ena a maukwati ndi milandu. Pali masiku amene ndimawayang'ana bambo akusema mipini n'kumawamvera chisoni, pali ena amene ndimatuluka panja kuti ndisawaone. Akulu a mpingo avomera kuti chirimwe chikubwerachi tidzapite ndi anthu angapo a kwaya kukachita mapemphero pa manda aja. Anandifunsa kuti malemuwo anamwalira bwanji. Ndinangoti ndi chifuwa.