Anapiye a Ba Tryness Ochokera ku Nairobi

Ba Tryness Chisenga a ku Chelstone, mumzinda wa Lusaka, sanakwerepo ndege, koma maulendo a ndege ankawadziwa kuposa ife amene tinapita patali ndi sukulu. Ankaweta nkhuku kuseri kwa nyumba, ndipo anapiye ankaitanitsa kunja. Poyamba ankachokera ku Salisbury, m'dziko loyandikana nalo la kum'mwera, makilomita pafupifupi 400, ulendo wosakwana ola limodzi. Malire a dzikolo atatsekedwa mu 1973, anayamba kuitanitsa ku Nairobi, makilomita opitirira pang'ono 1,800, maola atatu ngati ndege sinaime pena.

Koma iwo sankawerenga kuyambira pamene ndege yanyamuka. Ankayambira pa tsiku loswa, chifukwa mwanapiye amapirira masiku atatu okha osadya, osamwa. Akapitirira pamenepo amayamba kufa.

Mu Okutobala 1974, anapiye awo 200 anaswa Lolemba m'mawa. Ndege ya Lachiwiri sinabwere. Ya Lachitatu inadzera ku Dar es Salaam n'kugona komweko. Inatera ku Lusaka Lachinayi m'mawa, masiku atatu aja atakwana kale, dzuwa likuotcha.

Tsiku lomwelo kunkafika mlendo wa boma, choncho msewu wa ku eyapoti unali wotseka. Amuna awo, Ba Jonas, anali atabwereka galimoto, koma wapolisi anawaimitsa.

"Bwelelani, batata. Mubwele madzulo."

"Ba bwana, kuli tunkhuku twanga, tuzafa," anatero Ba Tryness.

"Amayi, ise tiyembekeza mlendo, imwe muyembekeza nkhuku?"

Pomwepo inafika lole ya amayi a Chipani opita kukavinira mlendoyo. Wowatsogolera anali Ba Imelda, oyandikana nawo nyumba, amene anali atatopa kuitanira Ba Tryness kumisonkhano.

"Ba Tryness, lelo mwatiziba? Ku miting'i mumakamba ati nkhuku zidwala."

"Napapata, chonde Ba Imelda, nitengeni. Nizavina."

"Nyimbo muziziba?"

"Nizayasama chabe."

Amayi anaseka, wina n'kuwaponyera chitenje cha Chipani. Wapolisi anayang'ana kumbali.

Atafika ku eyapoti, Ba Tryness anavina ola lathunthu pa phula lotentha, maso ali pa shedi ya katundu, pomwe makatoni awiri anali padzuwa. Mlendo atangotsika, anthu onse akuyang'ana iye, Ba Tryness anazemba. Anaonetsa mapepala awo kwa kalaliki, n'kuika khutu pa katoni. Munkamveka kulira, koma kofooka.

Anapempha madzi pambale, nayamba kuviika mlomo wa mwanapiye aliyense. Akufa ankawaika pambali, ndipo anakwana 31.

Ba Imelda anawapeza ali chogwada, ndipo anafika mokalipa. "Mwanichititsa nsoni! Mzele wanga uli na mpata!"

Ba Tryness anangowapatsa mwanapiye amene khosi linali litagwa kale. Ba Imelda anamuyang'ana kanthawi, nagwada nawonso.

"Niviike bwanji? So?"

"Mlomo chabe, osati mphuno."

Mwanapiyeyo anameza. Pobwerera, makatoni anakwera lole yomweyo, ali pamiyendo ya amayi a Chipani.