Sipoko M'kamwa mwa Fumbi

Ndikukumbukira bulu wa amalume anga ku Ntcheu, dzina lake Fumbi. Anali wotuwa, wamimba yaikulu, wosadziwa changu. Ntchito yake inali kukoka ngolo, ndipo ankamvera mawu a amalume basi. M'kamwa mwake munali musanalowepo chitsulo mpaka tsiku limene ine ndinaganiza zomuphunzitsa.

Nzeruzo ndinazitenga pa kanema. Galimoto ina inabwera pabwalo la sukulu n'kutionetsa azungu a zipewa zazikulu akuthamangitsa mahatchi. Anzanga ankayang'ana mfuti. Ine ndinkayang'ana zingwe, ndipo ndinaona kuti zikuchokera ku kachitsulo kali m'kamwa mwa hatchi. Ndinadziuza kuti chinsinsi chonse ndachigwira.

Loweruka lake ndinazula sipoko pa wilo lakale la njinga, ndinaipinda mbali zonse ziwiri, n'kumangako khonje. Ndinasankha sipoko chifukwa cha chifundo. Ndinkati kanthu kowonda chonchi bulu sangakamve n'komwe. Fumbi ndinamunyengerera ndi kachidutswa ka nzimbe, ndipo atayasamula ndinamulowetsa sipoko ija. Kenako ndinakwera pachulu n'kudziponya pamsana pake. Msanawo unali wotentha, wonunkha thukuta ndi phulusa limene ankagubudukamo.

Ulendo unali wa ku mjigo, kumene atsikana a m'kalasi mwathu ankatunga madzi. Popita zonse zinayenda bwino, chifukwa Fumbi ankafuna madzi ndipo njira ankaidziwa kuposa ine. Titafika ndinafuna kuima monga ankaimira a pa kanema aja. Ndinakoka zingwe mwamphamvu.

Fumbi anatukula mutu, anapinda makutu, n'kuyamba kuyenda chammbuyo. Ndinakokanso kuti aime, iye n'kuwonjezera liwiro. Tinadutsa pakati pa ndowa, matako ali patsogolo, ine ndikuyang'anabe atsikana aja uku akunka natalikira. Mmodzi wa iwo, Esinati, anatsamira pa mjigo n'kufunsa mwaulemu kwambiri, "Achimwene, mukubwereranso musanatipatse moni?"

Tinakathera m'ngalande ya madzi otayika. Fumbi anakhala pansi, ine ndinatsetsereka n'kugwera m'matope onunkha ndowe. Kuseka kwa atsikana aja ndimakumvabe.

Amalume anabwera osathamanga. Anachotsa sipoko, anayang'ana magazi m'mphepete mwa milomo ya bulu, ndipo sananditukulire dzanja. Anapukuta sipoko ija pa buluku lawo.

"Yasamula, mphwanga."

Anandiika sipoko m'kamwa n'kukoka pang'ono chabe. Ndinamva dzimbiri, udzu ndi nzimbe, kenako moto m'mbali mwa milomo. Misozi inatuluka yokha.

"Chowonda ndicho chimacheka," anatero amalume, n'kumapita ndi bulu wawo.

Ulendo wanga wokwera nyama unayambira pomwepo n'kutheranso pomwepo. Koma kuno ku Dudley, m'dziko la azungu, kumene mkazi wanga ndi nesi ndipo ine ndimayendetsa basi, ndinauza ana kuti kwathu ndinkakwera. Sindinanene kuti ndinkakwera chiyani, kapena kuti tinkalowera kuti.

Mwana wathu wamkazi, Tadala, amaphunzira kukwera hatchi pa khola lina kunja kwa tauni. Amachita masewera amene amawatcha dressage, oyendetsa hatchi mwadongosolo ngati ikuvina, oweruza akulemba mamalikesi. Mwezi watha hatchi imene amabwereka inayamba kupukusa mutu ndi kuyasamula, mpikisano wake woyamba uli pafupi. Mphunzitsi wake anati kachitsulo ka m'kamwa, kamene kuno amati bit, sikakuiyenera. Tadala anati apite ndi ine kukasankha kena, popeza pakhomo pano katswiri ndine.

M'sitolomo khoma lonse linali zitsulo zokhazokha: zopindika, zolumikiza pakati, zamphira, zamkuwa. Mayi wogulitsa anafunsa kukula kwa kamwa la hatchi. Tadala anatulutsa kachingwe kamene anayezera kukamwako, kali ndi mfundo uku ndi uku. Anandifotokozera m'Chingerezi chake chothamanga kuti bit isafinye milomo, isakhalenso yogwedera, ndipo ikhale ya mtundu umene oweruza amalola. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumuyesa mayeso.

"Adadi, which one?"

Dzanja langa linapita lokha pa kachitsulo kowonda, konyezimira, kopepuka. Chifundo chomwe chija. Ndinakachotsa pakhoma, ndipo ndisanalankhule ndinamva dzimbiri m'kamwa. Ndinakabwezera. Ndinaloza china chonenepako, chosalala, cholumikiza pakati.

"Chowonda ndicho chimacheka," ndinatero.

Tadala anayeza ndi kachingwe kake, ndipo chinakwana. Anauza mayi uja monyadira kuti bambo ake ankakwera kwawo ku Malawi. Mayiyo anafunsa kuti anali mahatchi a mtundu wanji. Ndinati otuwa.

Tsiku la mpikisano ndinaima kunja kwa mpanda, manja ali m'matumba chifukwa cha mphepo. Hatchi inayenda mutu uli phe, kukamwa kuli kotseka, timathovu toyera tili pamilomo. Zala za Tadala sizinkaoneka n'komwe kuti zikukoka. Ndinaganiza za Fumbi, amene kukamwa kwake palibe anakuyezapo ndi chingwe. Masiku amenewo nyama tinkailamula. Ana athuwa amayamba aifunsa.

Chakumapeto hatchi inaima pakati pa bwalo, kenako inayamba kubwerera chammbuyo. Maso anga anafunafuna ngalande. Koma oweruza anawerama n'kulemba, ndipo atamaliza anthu anaomba m'manja. Tadala anandiuza pambuyo pake kuti kubwerera chammbuyo ndi mbali ya mayeso, ndipo n'kovuta kuphunzira.

Ndinamuuza kuti ndikudziwa. Ine ndinabwerera mtunda wautali kuposa pamenepo, kungoti pa mjigo panalibe wolemba mamalikesi.